Masiku 40 a nifasi akhalenso masiku oyang'anira mtima wa mayi

Mayi akachira kuchipatala n'kubwerera kunyumba ndi khanda m'manja, ambiri a ife timanena Alhamdulillah ndi mtima wokhazikika, poganiza kuti choopsa chonse chatsalira m'chipinda chochirira. Maso amatembenukira kwa mwana: adhana m'khutu, dzina, kumeta tsitsi, mbuzi ya akika. Mayi amangofunsidwa ngati mkaka ukutuluka. Komatu masabata 6 otsatira kubereka ali m'gulu la masiku amene mtima wa mayi ndi mitsempha yake ya magazi zimakhala pangozi yaikulu. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera m'gulu la imfa za uchembere ngakhale imfa yochitika mpaka masiku 42 chiberekereni, ngati gwero lake ndi pathupi. Masiku amenewa akufanana pafupifupi ndi masiku 40 a nifasi amene maulama ambiri amawerenga. Maganizo athu ndi akuti Asilamu tili kale ndi kawerengedwe ka masiku oopsawa, ndipo chatsala n'kukagwiritsa ntchito poteteza moyo.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. Mayi akakhala woyembekezera, magazi ake amachuluka pafupifupi ndi theka la amene anali nawo kale, ndipo mtima umagwira ntchito yoposa ya masiku onse kuti udyetse anthu awiri. Magaziwo amayambanso kuundana msanga. Umenewu ndi ukadaulo wa Mlengi woteteza mayi kuti asataye magazi ambiri pobereka, koma kuundana komweko kungathe kutseka mtsempha wa m'mwendo, wa m'mapapo kapena wa muubongo. Mtsempha wa muubongo ukatsekeka, kapena ukaphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, munthu amagwidwa sitiroko, matenda ofa ziwalo amene ambiri timawaganizira okalamba okha. Ofufuza anapeza kuti sitiroko imagwira amayi pafupifupi 30 mwa 100,000 oyembekezera ndi ongobereka kumene, chiwerengero chowirikiza katatu poyerekeza ndi anthu ena a msinkhu wawo.

Chimodzi mwa zoyambitsa zake zikuluzikulu ndi matenda amene achipatala amawatcha preeclampsia. Amayamba mimba ikapitirira masabata 20, pamene BP imakwera kufika pa 140/90 kapena kuposa, ndipo impso, chiwindi ngakhale ubongo zimayamba kuwonongeka. BP ikafika pa 160/110, mayi afunika thandizo nthawi yomweyo. Akapanda kuthandizidwa amatha kugwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Matendawa satha ndi kubereka nthawi zonse. Kawirikawiri BP ya mayi imakwera kwambiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi atabereka, pamene ali kale kumudzi, ndipo mayi amene mimba yake yonse inayenda bwino angathe kudwala koyamba m'masiku amenewa. Padziko lonse, imfa pafupifupi imodzi mwa imfa 7 za uchembere imachokera ku kuthamanga kwa magazi. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti amayi 439 amamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuziloweza, ndipo mwamuna aliyense wokwatira ayenera kuzidziwa monga adziwira nsanamira za Swala. Mutu waukulu wosamva Panado, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena ngati nyenyezi zikuthwanima, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, kupweteka pansi pa nthiti cha kumanja, kubanika, ndi kutupa kwa mwendo umodzi kotsagana ndi ululu. Pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka, kapena mawu akayamba kusamveka, imeneyo ndi sitiroko, ndipo ola lililonse lochedwa limawononga ubongo.

Vuto lathu lagona pa mmene timamasulira zizindikirozi. Mayi akatupa, ena amati ali ndi mapasa, ena amati ndi mdulo, mlandu n'kugwera mwamuna kapena wothira mchere m'ndiwo. Akagwa n'kuphupha, mawu oyamba kumveka ndi akuti majini, ndipo amathamangira kwa shehe. Ife amene timaitanidwa usiku pa nkhani zotere tili ndi udindo waukulu. Duwa ndi ruqya n'zololedwa, ndipo zingachitike m'galimoto kapena panjinga ulendo wa kuchipatala uli m'kati. Kuchipatala kuli jakisoni wa magnesium sulphate woletsa kuphupha, ndiponso mankhwala otsitsa BP. Shehe amene asunga mayi wotere pamkeka mpaka kucha adzayankha pamaso pa Allah. Mayi wophupha agonekedwe cham'mbali, asamwetsedwe madzi alionse ngakhale owerengeredwa duwa, ndipo asamuike supuni kapena kamtengo m'kamwa.

Ena adzatifunsa ngati imfa sinalembedwe kale. Inalembedwa ndithu, ndipo kukhulupirira qadar ndi nsanamira ya Imani. Koma tikumbukire Khalifa Umar bin Khattab, Allah akondwere naye, pa ulendo wake wa ku Sham m'masiku a mliri wa Amwas. Atafika pa Sargh n'kumva za mliriwo, anafunsa maganizo a maswahaba ndipo anabwerera ndi anthu ake ku Madina. Abu Ubaida atamufunsa ngati akuthawa chikonzero cha Allah, Umar anamufotokozera kuti kudziteteza nakonso kuli m'chikonzero chomwecho. Kuyezetsa BP n'chimodzimodzi. Kusunga moyo ndi chimodzi mwa zolinga zisanu za Sharia, ndipo amene anyalanyaza njira zimene Allah anaika sangatchule ulesi wake kuti tawakkul.

Pali zinthu ziwiri za chipembedzo zimene zimachedwetsa amayi athu. Choyamba ndi kusala. Madhihabu onse anayi amagwirizana kuti mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amene akuopera moyo wake kapena wa mwana ali ndi chilolezo chomasula mu Ramadhani, ndipo adzabweza masikuwo. Mu madhihabu a Imamu Shafii, amene ambiri timatsata, mayi woopera moyo wake amangobweza, pamene woopera mwana yekha amabweza n'kuperekanso fidiya. Choncho mayi amene wapatsidwa mapiritsi a BP a maola oikika asawasiye kapena kuwasintha nthawi payekha chifukwa cha swaumu. Chachiwiri ndi nkhani ya dokotala wachimuna. N'zabwino mayi kuonedwa ndi namwino wachikazi pamene alipo, koma maulama amalola kuonedwa ndi mwamuna pakakhala kufunika. Nsanje yobweza mayi wodwala pakhomo la chipatala ilibe maziko mu Sharia.

Mtima weniweniwo nawonso umatha kufooka m'mwezi womaliza wa pathupi kapena m'miyezi yotsatira kubereka. Mayi amabanika akagona chagada, amatsokomola usiku, miyendo imatupa, ndipo achibale amati ndi kutopa kwa uchembere. Matendawa anapezeka ochuluka kumpoto kwa Nigeria, cha ku Zaria ndi Kano, kwa abale athu a Chihausa. Madokotala a kumeneko anaona kuti mwa zinthu zolemetsa mtima munali miyambo ya masiku 40 ya kusamba madzi otentha kwambiri, kugona pabedi ladothi lotenthetsedwa ndi moto, ndi kumwa phala la mchere wa kanwa. Miyamboyo inkachitika mwachikondi. Nafenso tifufuze zimene timamwetsa ndi kudyetsa amayi m'chikuta, makamaka mchere wambiri ndi zitsamba zosadziwika muyezo wake.

Nanga tichitenji? WHO inalangiza mu 2016 kuti mayi aonedwe kusikelo kasanu ndi katatu, koyamba mimba isanapitirire masabata 12. Kumeneko ndi kumene amayi amene ali pachiopsezo, monga oyembekezera mapasa, odwala shuga kapena BP, ndi amene anadwalapo preeclampsia, amazindikiridwa msanga, ndipo dokotala angawalembere aspirin wa mphamvu yochepa. Atabereka, mayi ayenera kuonedwa m'maola 24 oyamba, tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa masabata 6. Taonani mmene masikuwa akugwirizanira ndi athu. Tsiku la akika ndi la 7. Bambo amene wakwanitsa mbuzi ziwiri sangalephere ndalama ya kabaza yopita kukayezetsa mkazi wake. Tsiku la kusamba kwa nifasi likhale chikumbutso cha ulendo wa masabata 6.

Makomiti a mizikiti angagule makina oyezera BP ndi kupempha namwino kapena mlangizi wa zaumoyo aphunzitse amayi a dawa kagwiritsidwe kake, kuti akamapita kukaona khanda aziyezanso mayi. Gawo la sadaka lisungidwe ngati thumba la mayendedwe a usiku. Ma imamu alankhule za nkhaniyi pa khutuba ya Jumua, pakuti amene amasunga ndalama ndi kupereka chilolezo cha ulendo m'mabanja ambiri ndi amene amakhala m'mizere ya kutsogolo.

Pomaliza, chisamaliro chisathere pa tsiku la 40. Mayi amene anadwala preeclampsia amakhala ndi chiopsezo chowirikiza kawiri cha matenda a mtima ndi sitiroko m'zaka za m'tsogolo. Asunge buku lake la kuchipatala, aziyezetsa BP chaka chilichonse, achepetse mchere, ndipo akambirane ndi achipatala asanatengenso pathupi pena. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Luqman ndime ya 14, imatikumbutsa za kufooka kumene mayi amapirira posenza mwana. Ulemu umene timaulalikira wa amayi uonekere pa kuwaperekeza kukayezetsa akadali ndi moyo. Allah ateteze amayi athu oyembekezera ndi oyamwitsa, ndipo atipatse ife amuna nzeru zowasamalira. Amin.