Ndemanga: Luso la aphunzitsi pa kompyuta liyesedwe ndi manja

M'chaka cha 2015, ana a Giredi 9 m'Zambia muno analemba koyamba mayeso a Computer Studies, phunziro lomwe linabwera ndi silabasi ya 2013. Makolo ambiri akukumbukirabe. Makompyuta anali ochepa, ana ankadikirana pamzere, ndipo m'masukulu ena mayeso anafika mpaka usiku. Dziko lonse linadandaula za makina. Za mphunzitsi sizinakambidwe mokwanira, chonsecho m'masukulu ambiri phunziroli linangosenzetsedwa aphunzitsi a masamu kapena a zamalonda.

Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496, ndipo silabasi yatsopano inayamba mu 2025. Tsono funso la mphunzitsi labweranso: mwa aphunzitsi a ku Chipata, Chipangali, Kasenengwa ndi Vubwi, ndani amatha chiyani pa kompyuta?

Fomu yofunsa kuti "kodi mumadziwa kompyuta?" singayankhe zimenezi. Wamanyazi amalemba kuti inde, pomwe wodzichepetsa amalemba kuti ayi. Satifiketi ya kosi yaifupi nayonso imangosonyeza kuti munthu anapitako. Mphunzitsi akhale pansi, atsegule Excel, alowetse malikisi a kalasi yake, akonze phunziro la mawa, asunge fayilo ndi kuipezanso. Aonetsenso ngati angathe kuzindikira nkhani yabodza ya pa WhatsApp ndi uthenga wa akathyali ofuna nambala yachinsinsi ya mobile money, chifukwa ana ake akukumana nazo kale. Ndondomeko ya UNESCO ya 2018 ya luso la aphunzitsi pa kompyuta imasiyanitsa kudziwa chida, kuphunzitsa nacho, ndi kupanga nacho zatsopano. Apa m'pamene woyesa ayenera kuyang'ana.

Koma payenera kukhala chilungamo. Mphunzitsi wa m'tauni ya Chipata ali ndi malaiti ndi netiweki, ngakhale kuti chilala cha 2024 chinazimitsa magetsi a ZESCO kwa maola ambiri. Mnzake wa kumudzi mwina amatchajitsa foni pa sola ya kugolosale, n'kugula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake. Ameneyo ayesedwe pa chida chomwe ali nacho, ndipo luso la pa foni liwerengedwe.

Malo oyesera aphunzitsi alipo kale: misonkhano ya aphunzitsi ya m'mazoni. Zotsatira zake zisakhale zochititsira munthu manyazi kapena zomulepheretsa kukwezedwa. Zipite ku ofesi ya zamaphunziro ya DEBS ndi ku Chipata College of Education kuti maphunziro a patchuthi akonzedwe molingana ndi zomwe zikusowa, ndipo Teaching Council of Zambia iwawerengere aphunzitsi maphunzirowo powonjezera masiku a ziphaso zawo.