Nsanja Ziwiri za ku Delhi

Ana anga, inu amene njira ya ku India yakutsegukirani, kaya mukukaphunzira, kukaoda katundu kapena kuperekeza wodwala, mukafika ku Delhi musathere masiku onse m'misika ya ku Chandni Chowk. Patulani nthawi yokaona zimene mafumu akale adasiya. Koma pitani modekha. Ambiri amafuna Qutb Minar m'mawa, manda a Humayun masana, Red Fort madzulo, n'kubwerako foni itadzaza zithunzi, mumtima mulibe kanthu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Yambirani ku Mehrauli, kum'mwera kwa mzindawo, kumene kuli Qutb Minar, nsanja ya miyala yofiira yotalika pafupifupi mamita 73. Adaiyamba ndi Qutb-ud-din Aibak cha m'ma 1199, koma imfa idamupeza atangomanga chigawo chapansi. Mkamwini wake Iltutmish adaonjezerapo zigawo zitatu. Patapita zaka zoposa 100, mphezi itaononga nsonga yake, Firoz Shah Tughlaq, mfumu ya banja lina, adaikonza n'kuikweza. Onsewa sadachite manyazi kumanga pa maziko a mnzawo, poti mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake nsanjayo ili chiimire mpaka lero.

Tsono musafulumire kutuluka. M'bwalo lomwelo, chakumpoto, muona chimulu cha miyala yosasalaza, chachikulu zedi koma chonga chulu. Dzina lake ndi Alai Minar, ndipo alendo ambiri amangochidutsa. Inu muimepo. Mfumu Alauddin Khalji, atalemera ndi chuma chofunkha pankhondo, adalamula kuti amumangire nsanja yotalika kawiri kuposa Qutb Minar. Adamwalira mu 1316 ntchito itangofika mamita 24 ndi pang'ono, ndipo mwa onse amene adalowa ufumu pambuyo pake palibe adaikapo mwala ngakhale umodzi. Akadaikapo chifukwa chiyani? Cholinga chachikulu cha nsanjayo chidali kukweza dzina la munthu mmodzi. Kulakalaka zazikulu sikulakwa, ana anga. Choopsa ndi kuyamba chinthu n'cholinga chongoposa mnzako, chifukwa ntchito yotere imalowa m'manda limodzi ndi mwini wake. Kuthamanga sikufika.

Tsiku lina, mutapuma, mukalowe mu Red Fort, linga limene Shah Jahan, mfumu ya a Mughal, adamaliza mu 1648. M'menemo mudali mpando wachifumu wa golide ndi miyala yamtengo wapatali, wokongoletsedwa ndi mbalame za pikoko. Mu 1739 Nadir Shah wa ku Persia adaunyamula n'kupita nawo kwawo. Bahadur Shah Zafar, mfumu yotsiriza ya a Mughal, Angerezi adamuzenga mlandu m'nyumba ya makolo ake yomweyo mu 1858, n'kumuthamangitsira ku Rangoon, kumene adafera mu 1862, nkhalamba yopanda dziko.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi ichi: Angereziwo mabwinja onsewa adawaona ndi maso awo, koma sadamve. Adamanga likulu lawolawo, New Delhi, la misewu yotakata ndi nyumba ya bwanamkubwa ya zipinda zoposa 300. Adalitsegula mu 1931, ndipo pofika 1947 adali atalongedza katundu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Poyenda m'malo amenewa kumbukiraninso amisiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yandikirani khoma, muone maluwa ndi malembo a Chiarabu osemedwa pamwala ndi manja a anthu amene maina awo ambiri adaiwalika. Iwo ndiwo adapsa ndi dzuwa la ku Delhi, mfumu ili pamthunzi. Alemekezeni ndi khalidwe lanu. Polowa mu mzikiti wa Jama Masjid vulani nsapato, valani modzilemekeza, tsitsani mawu, pakuti anthu akupempherabe m'menemo. Pomwe simukumvetsa funsani wokuperekezani, poti safunsa adadya phula.

Pa makoma ena akalekale muona maina a achinyamata olembedwa ndi msomali kapena kiyi, ena atajambulapo ndi mtima. Dzanja likakuyabwani kuti nanunso mulembepo lanu, libwezeni m'thumba. Khomalo lidzaonedwanso ndi ana a anthu ena, ndipo chilonda cha pamwala sichipola.