Makuponi a kafukufuku asasanduke chizindikiro pa doko

Tikamayenda khomo ndi khomo kwa Maganga kapena ku Senga Bay, pali anthu amene sitiwapeza. Msodzi amakhala ali mtulo atachezera panyanja usiku wonse, mwinanso wasamukira doko lina kutsata usipa. Mayi woyendayenda sangauze mlendo wonyamula fayilo ntchito imene amagwira. Komatu kafukufuku wa boma wa 2006 adapeza kuti amayi oyendayenda 7 mwa 10 alionse amene adayezedwa anali ndi kachirombo ka HIV.

N'chifukwa chake ochita kafukufuku amagwiritsa ntchito njira yoti anthu aziitanana okhaokha. Amayamba ndi anthu ochepa. Aliyense akafunsidwa mafunso n'kuyezedwa magazi, amapatsidwa makuponi, kawirikawiri atatu, kuti akapereke kwa anzake. Anzakewo akabwera nawonso amalandira awo, ndipo woitana amapatsidwa kangachepe. Njirayi adaikonza ndi Douglas Heckathorn ku America mu 1997. Ku Blantyre, mu 2011 ndi 2012, bungwe la CEDEP ndi akatswiri a College of Medicine ndi Johns Hopkins adafikira nayo amuna oposa 300 ogonana ndi amuna anzawo.

Ife alangizi a zaumoyo njirayi tikugwirizana nayo. Koma doko si Blantyre. Pano aliyense amadziwa mnzake, ndipo kapepala kakaoneka m'thumba la chitenje, pofika madzulo msika wonse wadziwa. Anthu akangomva kuti makuponiwo ndi a amayi oyendayenda, wogwira kuponi wasanduka choloza chala, ngakhale magazi ake asanayezedwe. Kusalana kumayambira pomwepo. Kuponi isalembedwe mawu oti Edzi kapena gulu limene likufunidwa, ndipo malo ofunsira mafunso akhale oti munthu angaloweko pa zifukwa zinanso.

Nkhani ina ndi yoti kuponi akupereka ndani. Mwini bwato ndi chilimira akaipereka kwa mnyamata wake wa ganyu, kodi mnyamatayo angakane? Mwini malo ogona alendo akaipereka kwa mtsikana amene ali naye ngongole ya chipinda, kumeneko n'kufuna kwa mtsikanayo? Ndalama ya woitana ikakula, makamaka nyengo yotseka nyanja pamene m'matumba mwauma, ena amakakamiza anzawo, ena amagulitsa makuponi, ena amanama kuti ndi asodzi. Wofunsa mafunso ayambe wafunsa munthu payekha ngati wabwera mwa kufuna kwake, ndipo wokana abwerere popanda womuitana uja kudziwa.

Komanso munthu amaitana wofanana naye. Mukayambira pa gulu limodzi la Atonga ochokera ku Nkhata Bay, mwina simudzafika kwa Ayao kapena Achewa a doko lomwelo. Pa chilumba cha Mbenji, cha kwa Mfumu Makanjira, amayi saloledwa kupitako. Makuponi ozungulira kumeneko sangakuuzeni za amayi ogula nsomba ku Chikombe.

Tikupempha ofufuza kuti asanagawe kuponi yoyamba akhale pansi ndi mafumu, makomiti a m'madoko ndi ife. Mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, ndipo kutenga magazi mwakachetechete kutha kuzidzutsa. Wopezeka ndi kachirombo aperekezedwe tsiku lomwelo kukayamba ma ARV, ku Lifuwu kapena pa chipatala chachikulu cha Salima, ndipo zotsatira za kafukufuku zidzawerengedwe pa doko pomwepa, m'Chichewa.