Maso a Mlendo pa Gombe la Chembe

Munthu akafika ku Chembe, m'boma la Mangochi, nafunsa za mbiri ya malowo, kawirikawiri amamulozera kumanda. Chakumapeto kwa mudzi, pafupi ndi polowera ku Lake Malawi National Park, pali manda a amishoni amene anamwalira pakati pa 1877 ndi 1880. Mlendo amaima pamenepo, amawerenga maina, kenaka amatsikira kumadzi kukaona timbuna. M'chaka cha 2025 panatha zaka 150 chifikire amishoniwo, ndipo ife tikuona kuti nthawi yakwana yoti tidzifunse kuti kodi mbiri ya gombe limeneli tinaimva kwa yani.

Pa 12 Okotobala 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanja kuchokera mumtsinje wa Shire, ndipo patapita masiku owerengeka inakocheza pa Chembe. Mtsogoleri wa ulendowo anali E.D. Young, msilikali wa pamadzi amene anagwirapo ntchito ndi David Livingstone. Koma amene dzina lake linamera mizu ndi Robert Laws, mnyamata wa ku Aberdeen, mwana wa mmisiri wa matabwa, amene anali dotolo ndiponso mbusa. Anali ndi zaka 24 zokha. Kwathu kuno munthu wa msinkhu umenewo akakhala pabwalo la milandu amangomvetsera akulu akulankhula. Komabe zimene mnyamatayu ndi anzake analemba m'makalata awo ndizo zinadziwitsa anthu a ku Scotland za moyo wa makolo athu. Zinalowa m'buku la Young lotchedwa Nyassa mu 1877 ndi m'buku la W.P. Livingstone lonena za moyo wa Laws mu 1921, ndipo kuchokera m'menemo zinasefukira m'mabuku amene ana athu amaphunzira kusukulu.

Tisanamizane, zambiri zimene anaona zinali zoona. Pamene Ilala inazungulira nyanja kumapeto kwa 1875, anakumana ndi zombo za amalonda a akapolo, anaonanso midzi yopserera ndi mafupa a anthu m'magombe. Munthu wofuna kubisa zimenezi pofuna kukometsa mbiri ya mtundu wake akunyoza makolo amene anagulitsidwa. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani ya ukapolo kalumo ka alendowa kanalidi kakuthwa.

Koma diso lomwelo linalephera kuona zimene zinali pamphuno. Malo a Chembe anawasankha chifukwa cha dooko labwino, lotchingidwa ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe, pamene sitima ingabisale mphepo ikakalipa. Anafika mwezi wa dzuwa, nthaka ili gwa, udzu utapsa, ndipo malowo anaoneka ngati opanda matenda. Mvula itabwera, malungo anawagwetsa mmodzimmodzi. Pa nthawiyo panalibe dotolo wodziwa kuti malungo amafala ndi udzudzu, pakuti zimenezi Ronald Ross anazitsimikiza mu 1897. Ng'ombe zinafa ndi kashembe, minda inakana kubereka monga anayembekezera, ndipo anthu oti awalalikire anali ochepa, pakuti midzi ikuluikulu inali kutali. Kuchepa kwa anthu pa gombe lokongola chotere kunayenera kuwachititsa kufunsa eni dziko chifukwa chake asanakumbe maziko. Ngakhale dzina lenilenilo la Cape Maclear likuonetsa khalidwe lomweli. Livingstone analipereka mu 1861 pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, amene sanapondepo pa mchenga umenewo.

Taonani za mfumu Mponda, amene mudzi wake unali pamene Shire amatulukira m'nyanja, yemwenso ndiye anawaloleza kukhala. M'zolemba za alendowo amaoneka ngati munthu wokonda mowa ndi wogulitsa anthu. Zakuti anali m'malonda a akapolo n'zosatsutsika. Koma analinso wolamulira wogwira khomo la nyanja, amene tsiku lina anangoona chombo chofuka utsi chili pakhomo pake, nayenera kuganiza msanga zochita nacho. Anasankha kuwalandira, koma kuwakhazika kutali ndi mudzi wake. Imeneyo ndi nzeru ya ndale, ndipo zimene anakambirana ndi nduna zake usiku umenewo zikanatiphunzitsa zambiri. Tili ndi mbali imodzi yokha ya mlandu, ndipo kwa zaka zonsezi takhala tikuiwerenga ngati chigamulo.

Laws tiyenera kumpatsa ulemu wake pa chinthu chimodzi chachikulu: sanakhutire ndi zimene anaona masiku oyamba. Mu 1876 anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, anthu nazizwa kuona munthu akudulidwa osalira kenaka n'kudzuka. Kutchuka koteroko kukanamukwanira munthu wina, koma iye anakhala pansi n'kuyamba kutola mawu a Chinyanja kwa antchito, odwala ndi ana a sukulu. Mnzake Alexander Riddel anatulutsa galamala ya Chinyanja mu 1880. Laws anamasulira Chipangano Chatsopano, chimene chinasindikizidwa mu 1886, ndipo mu 1894 anatulutsa buku la matanthauzo a mawu a Chingerezi m'Chinyanja. Ataona kuti malo anawasankha molakwa, anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894, nakhala m'dziko muno kufikira 1927. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zaka 52 ndi kudekha kokwanira.

Nanga amene anamutsegula maso ndani? Pa ulendo woyambawo panali Tom Bokwito ndi Sam Sambani, amene anawomboledwa ku ukapolo ali ana, nakakulira ku South Africa, nabwerera kudzakhala omasulira. Popanda iwo Laws akanangokhala ngati wogontha. Panali amuna mazanamazana amene anasenza zidutswa za Ilala pamutu, kulambalala mathithi a Shire mtunda wa mamailosi pafupifupi 60 dzuwa likuswa mtengo, osataya kanthu ngakhale kamodzi. Mu 1876 kunabwera alaliki a Chixhosa ochokera ku Lovedale, ndipo mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anamwalira pa Chembe pomwepo mu 1877. Mnzake William Koyi ndiye anadzatsegula njira yopita kwa Angoni a kumpoto. Ndipo pa 27 Malichi 1881 Albert Namalambe anabatizidwa, kukhala Mkhristu woyamba wa mishoniyo. Anthu amakonda kuwerengera zaka za pa Chembe monyodola, kuti manda anali asanu koma wotembenuka mtima mmodzi. Amaiwala kuti amishoni atapita ku Bandawe, mmodzi yemweyo ndiye anatsala akuyang'anira sukulu ndi mapemphero.

Palinso mbali imene mabuku oyamba aja anaidutsa mofulumira. Mishoni inasanduka pothawira anthu osowa mtendere, ndipo amishoni anayamba kuweruza milandu ngati mafumu, mpaka kupereka chilango cha chikoti. Ku mishoni ya Blantyre nkhanza zotere zinaululika mu 1880, zinachititsa manyazi mpingo wonse ku Scotland. John McCracken anafotokoza za nthawi imeneyi m'buku lake la 1977. Amene anakwapulidwawo sanasiye kalata.

Nkhani yotere inachitikanso kwina. Pa 5 Epulo 1885 Horace Underwood, mnyamata wa zaka 25, ndi Henry Appenzeller anatsika sitima pa dooko la Jemulpo, limene lero ndi Incheon, m'dziko la Korea. Nawonso analembera kwawo za chakudya, zovala zoyera ndi nyumba zotenthetsedwa pansi, zonse monga zinaonekera kwa munthu wongofika. Kusiyana kwake n'kwakuti Akoreya anasunga mbali yawo ya nkhaniyo. Mkhristu wa kumeneko amadziwa dzina la Seo Sang-ryun, wamalonda amene anathandiza John Ross kumasulira Malembo m'Chikoreya ali ku Manchuria, nabwerera kwawo kukayambitsa mpingo pa mudzi wa Sorae amishoni asanakhazikike. Ross ameneyu anali wa United Presbyterian Church, mpingo womwewo umene unatuma Laws. Lero Akoreya ndiwo akutumiza amishoni kunja, ndipo chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2008, ndi umboni wake. Kodi ndi ana angati a sukulu za ku Mangochi amene angatchule dzina la Namalambe?

Alendo achinyamata akufikabe pa Chembe, makamaka kuyambira pamene nyanja ya kumeneko inasandutsidwa paki mu 1980 ndi kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984. Ena ndi okaona malo, ena ndi ogwira ntchito zachifundo, ena ndi amipingo. Pakutha sabata imodzi amakhala atalemba kale pa Facebook za amayi ochapa m'mbali mwa nyanja, za usipa woyanikidwa pa thandala, za nyali za asodzi usiku ndi za ana owathamangira. Sitikuwadzudzula, pakuti munthu amalemba zimene waona. Koma mlendo wa sabata imodzi sadziwa kuti khoka lija mwini wake ndani, ngongole ya injini ikubwezedwa bwanji, kapena chimene banja limadya mwera ukatsekereza mabwato kumtunda masiku anayi. Ngati eni gombe sadzilembera, mdzukulu wa msodzi adzafufuza za agogo ake m'zolemba za munthu amene sanadziwe ngakhale kupereka moni m'Chichewa.

Choncho pempho lathu likupita kwa aphunzitsi a mbiri ku University of Malawi, kwa osunga zolemba zakale ku National Archives ku Zomba, kwa masinodi a CCAP, ndi kwa mafumu a m'dera la Nankumba. Ophunzira atumidwe ku Chembe, ku Msaka, ku Monkey Bay ndi kwa Mponda kukajambula mawu a nkhalamba m'Chichewa ndi m'Chiyao, za mibadwo ya mafumu, za kusamuka kwa midzi ndi za usodzi wakale, zisanapite nazo kumanda. Makalata a amishoni osungidwa ku Zomba ndi ku Edinburgh amasuliridwe, kuti anthu a m'mbali mwa nyanja awerenge okha zimene zinanenedwa za makolo awo ndi kuyankhapo. Ndipo pamalo a manda aja payenera kuima chikwangwani cha m'zilankhulo zathu, chotchula Bokwito, Sambani, Koyi ndi Namalambe, ndi kufotokoza ntchito imene aliyense wa iwo anagwira. Chikwangwani chotere mtengo wake sungapose wa bwato limodzi la matabwa.