Chipani Sichikhala pa Munthu Mmodzi

Abale a nthambi yathu, kumbukirani chaka cha 1994. Kuyambira pa boma la Mzimba kufikira ku Embangweni, Jenda ndi Luwerezi, tinavotera AFORD, chipani cholonjeza kuyimira antchito ndi alimi. Mtsogoleri wake, Bambo Chakufwa Chihana, anamangidwa mu 1992 chifukwa chofuna ufulu wa zipani zambiri. Chipanichi chinapata mipando 36 ku Nyumba ya Malamulo, yonse 33 ya Kumpoto ili momwemo. Mu 1999 inatsala 29, mu 2004 inatsala 6, mu 2009 umodzi wokha.

Chinadya mipandoyi n'chiyani? Atsogoleri analowa m'boma la UDF, natuluka mu 1996, nabwereranso mu 2003, osafunsa ife akumudzi. Mu 2002 phungu wa AFORD ndiye anapereka bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira Pulezidenti. Anthu anakhumudwa, nthambi zinafota.

Tsono ife tisadalire dzina la munthu kapena la chigawo. Idzani ku misonkhano, sankhani nokha akomiti, funsani phungu za mtengo wa chimanga ndi feteleza. Mutu umodzi susenza denga.