PAKHONDE LA MPHUNZITSI: Mlembi m'Nyumba ya Wakupha

Mwezi uno tikambe za buku la Stephen King lotchedwa Misery, limene linatuluka m'chaka cha 1987.

Paul Sheldon, mlembi wozoloŵera kugwira ntchito payekha, achita ngozi ya galimoto m'chipale chofeŵa ku Colorado, nathyoka miyendo. Amtola Annie Wilkes, namwino wakale wokonda mabuku ake koposa. Koma m'malo momtengera kuchipatala, mayiyu amtsekera m'chipinda, namzoloŵeza mankhwala oletsa ululu, namkakamiza kulemba zofuna iye. Pambuyo pake Paul apeza buku lomatamo nkhani za m'nyuzipepala, nazindikira kuti womsamalayo anapha anthu ambiri, ngakhale makanda.

Patapita zaka, King anaulula kuti Annie ankaimira mankhwala ozunguza bongo amene anamgwira ukapolo iye mwini. Apa ndiye pagona phunziro. Chizoloŵezi choipa chimafika ngati mthandizi, kenaka chimatseka chitseko ndi kubisa kiyi.

Bukuli ndi loopsa, losayenera ana aang'ono. Koma inu makolo, mukaona mwana wayamba kubindikira yekha m'chipinda, gogodani msanga. Musadikire kuti aitane, pakuti wogwidwa ukapolo wotere kaŵirikaŵiri saitana.