Musataye Ng'ombe za Makolo Anu

Inu alimi a m'midzi, tamverani. Ambiri a inu mukhumbira ng'ombe za Friesian cifukwa ca mkaka wace wocuruka. Koma musanagulitse ng'ombe zanu za Cingoni, zija za linunda, ganizani za nkhupakupa.

Nkhupakupa zofiirira za m'makutu ndizo zibweretsa cigodola. Ng'ombe ya Cingoni ikalumidwa kawiri katatu, thupi lace limzindikira mdaniyo. Khungu litupa ndi kuyabwa pamene paboledwa, ng'ombe idzinyambita ndi kudzikhula pa mtengo, ndipo tinkhupakupa tambiri tigwa tisanakhute mwazi. Thupi la Friesian, imene makolo ace anakulira ku Holland, silicinjiriza motero. Pa iyo nkhupakupa zikhuta, zigwa, ndi kuikira mazira zikwi zambiri m'busa lanu.

Mphamvu yocinjirizayi mwana aitengera kwa makolo ace. Cifukwa cace sankhani nkhunzi ndi misoti imene ili ndi nkhupakupa zocepa. Nkhunzi yodzala nazo muifule, izikoka pulawo. Dibi musaleke ai, pakuti cigodola cipha ndi ana a ng'ombe za Cingoni omwe. Wofuna Friesian ayambe wawerenga mtengo wa mankhwala, pakuti ng'ombe yakufa siikamidwa.